Kuphunzitsa za mitsinje ya ayezi ndi nyengo za ayezi kuno ku Tete: zoyesera za m'firiji, pabwalo ndi kumiyala

Mwana wa ku Moatize kapena ku Ulónguè amadziwa ayezi wa m'firiji, amadziwa matalala amene amang'amba masamba a fodya, ndipo wa ku Tsangano amadziwanso chisanu cha mu Juni chimene chimawaula masamba a kachewere kudimba. Sinowo sanamuonepo. N'chifukwa chake mutu wa glaciar, kutanthauza mtsinje wa ayezi, ukafika m'buku, ambiri amangouloweza pamtima, mayeso akatha n'kuiwala. Malangizowa ndi a aphunzitsi ndi makolo amene akufuna kuti mwana agwire nkhaniyi ndi manja. Zofunika ndi zochepa: firiji yaikulu yotsekula pamwamba, ngati ya ogulitsa nsomba ndi nkhuku, sikelo ya kukhitchini, makapu apulasitiki oonekera mkati, mchenga, chingwe, lalanje, sipoko ya njinga ndi tochi.

Yambani ndi kusiyanitsa zinthu zitatu zija. Matalala ndi madontho amene aundana m'mtambo wa mabingu n'kugwa ali olimba. Chisanu chimapangika pansi pomwepa, chinyezi chikaundana pa udzu usiku wopanda mitambo. Sinowo ndi tizidutswa topepuka ta ayezi timene timapangika m'mtambo, timagwa mwakayakaya ndipo timaunjikana tili ndi mpweya wambiri pakati pake. Mtsinje wa ayezi umachokera ku sinowo basi.

Mfundo yoyamba: vuto si kuzizira, ndi zotsala

Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu, amaganiza kuti kukazizira kwambiri ndiye kuti pabadwa mtsinje wa ayezi. Si choncho. Madera ambiri a ku Siberia amazizira koopsa, koma alibe mitsinje yotere, chifukwa sinowo amagwa wochepa ndipo nyengo yotentha imamumaliza yense. Chofunika n'chakuti sinowo wa chaka chino asathe mpaka wa chaka chamawa amupeze. Zili ngati nkhokwe: kudzaza kwake sikudalira zokolola zokha, koma ngati chimanga chakale chikumapezana ndi chatsopano chaka ndi chaka. Mwana akaigwira mfundo imeneyi, zina zonse zimalowa mosavuta, kuphatikizapo za nyengo za ayezi.

Malo otere amapezeka kufupi ndi nsonga ziwiri za dziko lapansi kapena pamwamba pa mapiri aatali. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5. Aliyense amene wakwerapo galimoto kuchoka mumzinda wa Tete, umene uli pansi m'chigwa cha Zambezi osafika mamita 200, kupita ku Angónia, kumene ndi pamtunda wa mamita oposa 1,200, amadziwa pamene amayamba kufunafuna juzi. Apatseni ana masamu amenewa. Phiri la Dómuè ndi la mamita pafupifupi 2,100, la Binga ku Manica, lalitali kuposa onse mu Mozambique, ndi la mamita 2,436, ndipo nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi ya mamita 3,002. Onsewa ndi aafupi. M'madera otentha ngati kwathu kuno pamafunika phiri lofika cha m'mamita 5,000, ndiye mu Africa monse ayezi wotere watsala pa Kilimanjaro (mamita 5,895), pa phiri la Kenya ndi pa Rwenzori. Wa pa Kilimanjaro wachepa ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse chiyambire 1912.

Kusandutsa sinowo kukhala ayezi

M'mbali mwa firiji imene yakhalitsa osaipukuta mumamera chipale choyera. Chimenecho ndiye sinowo wathu. Palani ndi chipande kapena supuni yapulasitiki. Mpeni ayi. Kuseri kwa khoma lopyapyalalo kuli mapaipi a gasi, mukaboola limodzi mwaipha firiji ya eni ake.

Tengani kapu ya mamililita 200. Yezani kaye kapu yopanda kanthu, kenako yodzaza madzi: madziwo alemera magalamu 200. Ayezi wolimba wodzaza kapu yomweyo amalemera pafupifupi magalamu 183. Sinowo weniweni wongogwa kumene amalemera magalamu 10 mpaka 40 okha, kwinako ndi mpweya. Chipale chanu chidzalemera kuposa pamenepo chifukwa chakhalitsa, koma chidzachepabe kwambiri poyerekeza ndi ayezi. Lembani nambala zonsezi pabolodi.

Tsopano thirani chipale chokwana masentimita 3 m'kapu, chitsindireni ndi kunsi kwa kapu ina, n'kuchisiya panja mphindi ziwiri kapena zitatu kuti pamwamba pangonyowa. Wazani phulusa pang'ono kwambiri, longotsina ndi zala, ndipo bwezerani m'firiji ola limodzi. Chimenecho ndi "chaka" chimodzi: sinowo wagwa, nyengo yotentha yasungunula pang'ono, fumbi lagwera pamwamba. Bwerezani kasanu kapena kasanu n'kamodzi, nthawi iliyonse mukutsindira mwamphamvu kuposa poyamba. Pomaliza suzumirani m'mbali mwa kapu. Pamwamba padzakhala poyera ndi pofewa, pansi padzakhala timibulu tokulirapo togwirana, tooneka motuwira, ndipo mizere ya phulusa ya pansi idzakhala yoyandikana kuposa ya pamwamba.

Ndi mmene zimachitikira kumapiri, kungoti wotsindira ndi sinowo wa zaka zotsatira. Sinowo amene wapulumuka chaka chathunthu akatswiri amamutcha firn, ndipo m'kapu yathu ija angalemere magalamu 80 kupita m'tsogolo. Akafika cha pa magalamu 166, timipata ta mpweya timatsekeka, mpweyawo n'kutsala m'timathovu. Apa ndiye wasanduka ayezi. M'mapiri a chinyezi a ku Alaska zimenezi zimatha kuchitika m'zaka zochepa chabe. Pakati pa Antarctica, kumene sinowo amagwa wochepa ndipo sasungunuka, zimatenga zaka zoposa 1,000. Timathovuto tikumbukireni, tidzafunika kutsogoloku.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti wina amathira madzi m'kapu kuti zifulumire. Akatero wapanga ayezi wa pathamanda, mizere yasokonekera, ndipo ana aphunzira zabodza. Kapu ikakhalitsanso panja m'dzuwa la Okutobala, pamene mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, zonse zimasanduka madzi musanamalize kufotokoza. Chitani zoyeserazi m'mawa, pamthunzi, makamaka mu Juni kapena Julayi.

Chinthu cholimba chimayenda bwanji?

Mulu wa ayezi ukakhuthala kufika mamita 30 mpaka 50, wapansi amayamba kupindika chifukwa cha kulemera kwa wapamwamba, ndipo mulu wonse umatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumunsi. Ana savomereza zimenezi mpaka ataona, ndipo sakulakwa kukayikira.

Pangani chikombole cha katoni cha masentimita 30 m'litali ndi 3 m'lifupi, muyalemo pulasitiki, n'kuthiramo madzi mamililita 90 kuti akuye sentimita imodzi. Madziwo akhale owiritsa n'kuzizira, chifukwa amakhala ndi thovu lochepa ndipo ndodo yake sithyoka msanga. Pangani ndodo ziwiri. Yoyamba igogodeni ndi supuni pamaso pa ana: ithyoka. Yachiwiri igonekeni m'firiji pa timatabwa tiwiri totalikirana masentimita 25, ndipo pakati pake pachikani, ndi kansalu, kathumba ka mchenga wouma wa theka la kilogalamu. Kathumbako kagone kaye m'firiji usiku wonse, apo ayi kutentha kwake kudula ndodoyo. Mchere usayandikire. Yezani ndi rula kuchokera pansi kufika pakati pa ndodo, tsekani firiji, muziyeza kamodzi pa sabata. Pakatha masabata awiri kapena atatu, pakatipo padzakhala patatsika mamilimita angapo, ndodo osathyoka. Firiji yosazizira mopitirira imapinditsa msanga kuposa yozizira kwambiri. Magetsi akazima nthawi yaitali, yambiraninso, chifukwa zimene mudzaone zidzakhala kusungunuka, osati kupindika.

Ndodo ziwirizi zikufotokozanso ming'alu ikuluikulu imene imaoneka pazithunzi za mitsinje ya ayezi. Ayezi wapamwamba alibe chomupanikiza, ndiye amang'aluka ngati ndodo yoyamba, ndipo ming'aluyo kawirikawiri imathera cha pa mamita 30. Wapansi amapindika ngati ndodo yachiwiri. Kumene pansi pali madzi osungunuka, mtsinje wonse umatereranso pamwala. Mitsinje yambiri imayenda masentimita angapo mpaka mita imodzi patsiku, koma wa Jakobshavn ku Greenland unapitirira mamita 40 patsiku mu 2012.

Chenjerani ndi mawu akuti mtsinje wa ayezi "ukubwerera m'mbuyo". Ayezi sakwera phiri. Kumtunda amawonjezereka, kumunsi amasungunuka, ndipo kusungunuka kukaposa zobwera kuchokera kumtunda, mapeto ake ndi amene amasendera kumtunda, ayeziyo akupitabe kumunsi.

Zizindikiro zimene ayezi amasiya

Ichi ndiye choyesera chofunika kwambiri kwa ife a ku Tete, musachidumphe. Dulani mabotolo awiri apulasitiki kuti akhale timbale. M'kamodzi thirani madzi okha, mamililita 300. M'kena ikani masupuni awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, dzanja limodzi la timiyala tosongoka tosiyana kukula, ndi supuni imodzi ya dothi, kenako madzi omwewo. Zigone m'firiji. M'mawa zitulutseni, dikirani mphindi zochepa kuti timiyala tiyambe kuonekera kunsi, ndipo gwirani ndi nsalu n'kukhula pathabwa lopaka penti kapena pa sopo wamtanda. Kanikizani mwamphamvu, kokerani mbali imodzi yokha. Ayezi woyera sasiya kanthu. Wa timiyala amasiya mizere yowongoka, yoyenda limodzi. Amene amapala thanthwe si ayezi, ndi miyala imene wanyamula.

Kenako siyani ayezi wa timiyalayo asungunuke m'mbale yafulati, osaigwedeza. Pa nthawi yomweyo thirani mchenga, dothi ndi timiyala tofanana m'botolo la madzi, khutchumulani, liimikeni. M'botolo, miyala ikhala pansi, mchenga pamwamba pake, matope pomalizira. M'mbale, zonse zitsala mulu umodzi wosakanikirana, mwala waukulu utakhala pakati pa matope. Madzi ndi mphepo zimasankha, ayezi sasankha. Mulu wotere ukauma n'kusanduka mwala umatchedwa tilito m'mabuku a Chipwitikizi.

Nyengo za ayezi: mawotchi awiri

Nambala zikuluzikulu zimangodutsa m'makutu, ndiye ziyaleni pabwalo. Milimita imodzi iimire zaka 1,000. Khomani chikhomo, chimenecho ndi lero. Pa mamilimita 12 ndi pamene nyengo yofunda imene tilimoyi inayamba, zaka 11,700 zapitazo. Pa mamilimita 21 ndi pamene ayezi anafika pachimake komaliza. Pa mamita 2.6 ndi pamene ayezi anayamba kumabwera ndi kupita kumpoto kwa dziko. Pa mamita 34, Antarctica anakutidwa. Ndipo kuti mufike pa zaka 300 miliyoni, mwana ayende mamita 300, mabwalo a mpira pafupifupi atatu.

Chingwechi chikusonyeza kuti pali mafunso awiri osiyana, ndipo mabuku ena amawaphatikiza. Loyamba: n'chifukwa chiyani dziko limalowa m'nyengo yaitali, ya zaka mamiliyoni, yokhala ndi ayezi? Zikuluzikulu zodziwika zilipo zisanu: ya zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo, ya pakati pa zaka 720 ndi 635 miliyoni, ya cha m'ma 445 miliyoni imene inasiya zizindikiro ku Sahara, ya Karoo ya pakati pa zaka 360 ndi 260 miliyoni, ndi ino, pakuti Antarctica ndi Greenland akadali okutidwa. Zoyambitsa zake zimayenda pang'onopang'ono. Makontinenti amasuntha masentimita ochepa pachaka, ndipo mtunda ukafika kunsonga ya dziko, sinowo amapeza pokhala. Kusunthako kumatsegula kapena kutseka njira za madzi a m'nyanja: Antarctica atalekana ndi Australia ndi South America, madzi ozizira anayamba kumuzungulira, ofunda osamufika. Chachikulu china ndi mpweya wa carbon dioxide, umene umasunga kutentha. Mapiri ophulika amautulutsa, pamene miyala yofumbutuka ndi mvula ndiponso zomera zokwiririka m'madambo zimauchotsa. Wochotsedwa ukachuluka kwa zaka mamiliyoni, dziko limazizira. Phiri limodzi likaphulika silibweretsa nyengo ya ayezi: la Pinatubo mu 1991 linaziziritsa dziko ndi theka la digiri, patangopita zaka ziwiri kapena zitatu zinabwerera mwakale.

Funso lachiwiri: mkati mwa nyengo yaitaliyo, n'chiyani chimachititsa ayezi kukula ndi kuchepa mobwerezabwereza? Yankho lili m'kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa. Louis Agassiz analengeza mu 1837 kuti ayezi anakutapo mbali yaikulu ya Europe. Milutin Milanković wa ku Serbia anawerengera pamanja kwa zaka zambiri mmene kuwala kwa dzuwa kumasinthira, n'kutulutsa zonse pamodzi mu 1941. Umboni wamphamvu unabwera mu 1976, pamene Hays, Imbrie ndi Shackleton anapeza nthawi zomwezo m'matope okumbidwa pansi pa nyanja ya Indian, chakummwera.

Zinthu zitatu za Milanković, pabwalo ndi m'chipinda

Choyamba ndi maonekedwe a njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa. Khomani misomali iwiri padothi losalala, yotalikirana masentimita 3.3. Mangani chingwe chosatamuka kuti chikhale lupu ya masentimita 203, ikoleni pa misomali yonse iwiri, ikokeni ndi kamtengo n'kujambula mozungulira. Msomali umodzi ndi dzuwa, winawo uzuleni. Imeneyo ndi njira ya dziko lero. Chapafupi jambulani ina, misomali itatalikirana masentimita 12, lupu ya masentimita 212: pamenepo ndi pamene njirayi imafika ikatamuka kwambiri. Ana adzadabwa kuti zonse ziwiri zikuoneka zozungulira bwinobwino, osati ngati zithunzi za m'mabuku. Kusiyana kumaoneka akayeza kuchokera padzuwa: panjira yoyamba, mbali ina masentimita 98 ndi pang'ono, mbali ina pafupifupi 102. Kumwambako ndi makilomita 147 miliyoni kumayambiriro kwa Januwale ndi 152 miliyoni kumayambiriro kwa Julayi. Njirayi imatamuka n'kubwerera pa zaka pafupifupi 100,000. Chingwe cha ubweya kapena chamatayala chimatamuka ndipo chimawononga zonse, gwiritsani cha nayiloni.

Apa pali msampha wa kwathu kuno. Popeza Januwale ndi wotentha ndipo Julayi ndi wozizira, mwana anena kuti nyengo zimabwera chifukwa cha kuyandikira dzuwa. Mufunseni chifukwa chake ku Lisboa kumazizira mu Januwale yemweyo. Yankho lili pa chinthu chachiwiri.

Bayani lalanje ndi sipoko kudutsa pakati, jambulani mzere wa ikweta, ikani kadontho pang'ono kummwera kwake kuimira Tete, ndi kena kufupi ndi nsonga yakumpoto. Kuti mupendeketse molondola, jambulani pakatoni mzere wokwera masentimita 10 ndi wopita pambali masentimita 4.3, n'kulumikiza: amenewo ndi madigiri 23.4, kupendekeka kwa lero. Mukapita pambali masentimita 4.1 ndi madigiri 22.1, mukapita 4.6 ndi 24.5. Dziko limasintha pakati pa malire awiriwa pa zaka 41,000 zilizonse. Tsekani mawindo, wina aime pakati ndi tochi, wina azungulire ndi lalanje. Lamulo ndi limodzi, ndipo ndi limene ambiri amaphwanya: sipoko iziloza ngodya imodzimodzi ya denga ulendo wonse. Wonyamula akamaitembenuza kuti iziweramira kutochi, nyengo zimasowa. Zikayenda bwino, ana aona nsonga yakumpoto ikuwala mbali imodzi ya chipinda n'kulowa mumdima mbali inayo. Kenako imikani sipoko mowongokerako n'kuzunguliranso: kunsonga kukufika kuwala kochepa m'nyengo yotentha. Kupendekeka kukachepa, nyengo yotentha ya kumeneko imafooka, sinowo n'kutsala.

Chachitatu chionetseni ndi nguli. Ikamazungulira, mutu wake umapukusa pang'onopang'ono. Dziko limateronso, ulendo umodzi pa zaka pafupifupi 26,000, ndipo zikaphatikizana ndi kusuntha kwa njira ija, mwezi umene dziko limayandikira dzuwa umasintha n'kubwerera pa zaka 19,000 mpaka 23,000. Zaka 11,000 zapitazo linkayandikira cha pakati pa chaka, nyengo yotentha ya kumpoto inali yamphamvu, ayezi ankatha msanga, ndipo ku Sahara kunali udzu ndi nyanja.

Malo oyang'ana ndi madigiri 65 kumpoto kwa ikweta, kumene kuli mtunda waukulu wa Canada, Scandinavia ndi Siberia. Pa madigiri omwewo kummwera pali nyanja, sinowo alibe pounjikana. Kupendekeka kukachepa, njira n'kutamuka, ndiponso nyengo yotentha ya kumpoto n'kugwera pamene dziko lili kutali, zotsala zimayamba kupezana chaka ndi chaka.

Zokulitsa

Kusintha kwa kuwalaku pakokha n'kochepa, sikungakwanitse kuunjika ayezi wokhuthala makilomita atatu pa Canada. Pali zokulitsa. Choyamba ndi kuyera: sinowo watsopano amabweza magawo 80 mpaka 90 pa 100 a kuwala, pamene nyanja imabweza osafika 10. Ikani zidutswa ziwiri za ayezi zofanana padzuwa, pamwamba pa katoni yopinda kangapo, chimodzi mutachiwaza makala osinja. Chakudacho chitha msanga. Mukaziika pa simenti kapena palata lotentha, zonse zisungunuka kuchokera pansi ndipo kusiyana sikuoneka. Ayezi akamakula amabweza kuwala kochuluka, kumazizirabe, n'kumakulabe.

Chachiwiri chili m'timathovu tija. Ofufuza anaboola ayezi wa ku Dome C ku Antarctica kupitirira makilomita atatu n'kuyeza mpweya wa zaka 800,000. Anapeza nyengo zozizira zisanu ndi zitatu, ndipo nthawi zonse carbon dioxide ankatsika kufika cha pa magawo 180 pa miliyoni kukazizira, n'kukwera cha pa 280 kukafunda, chifukwa nyanja yozizira imasunga wambiri pansi pake. Kayendedwe ka dziko ndiko kamayambitsa, mpweyawu umakulitsa ndi kufalitsa kuzizirako padziko lonse. Ayezi amakula mwapang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 90,000, koma amatha m'zaka pafupifupi 10,000. Kale ulendo wonse unkatenga zaka 41,000, ndipo cha m'ma zaka miliyoni imodzi zapitazo unasintha kufika 100,000.

Zaka 21,000 zapitazo dziko lonse linali lozizira ndi madigiri 5 kapena 6 kuposa lero, ndipo nyanja zamchere zinatsika mamita pafupifupi 120. Mtsinje wa Zambezi unkapitirira makilomita ambiri kudutsa pamene pali Chinde usanafike kunyanja. Kuno ku Tete ayezi sanafike. Kunali kozizirirapo, ndipo madera ambiri a Africa anauma, moti nyanja ya Victoria inaphwera pakati pa zaka 18,000 ndi 15,000 zapitazo. Za kutsika kwa nyanja onetsani ndi makapu awiri a madzi olembedwa mzere: m'modzi ayezi ayandame, pa wina ayezi akhale pasefa pamwamba. Akasungunuka, madzi akwera m'kapu ya sefa yokha. Wa ku Greenland yense atasungunuka angakweze nyanja mamita 7, wa ku Antarctica pafupifupi 58.

Mwana wina adzafunsa ngati kuzizira kwina kukubwera. Njira ya dziko panopa ili pafupi kukhala yozungulira ndendende, ndipo carbon dioxide wapitirira magawo 420 pa miliyoni, kuposa nthawi ina iliyonse m'zaka 800,000 zija. Owerengera amapeza kuti nyengo yozizira yotsatira ili kutali ndi zaka pafupifupi 50,000 kapena kuposa.

Kukaona ku miyala

Mwana uja anayenda mamita 300 anafika pa nthawi imene ayezi analidi kuno. Zaka 300 miliyoni zapitazo Africa anali wogwirana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica m'kontinenti ya Gondwana, ndipo chigawo chino chinali kufupi kwambiri ndi nsonga yakummwera kusiyana ndi lero. Alfred Wegener ndi Alexander du Toit anagwiritsa ntchito zizindikiro za ayezi ameneyu posonyeza kuti makontinenti amasuntha. M'zigwa za malasha za chigawo chathu, miyala yosanjikizana yotchedwa Karoo imayamba ndi gawo lotchedwa Vúzi, dzina la mtsinje wa kumpoto kwa Cahora Bassa, ndipo gawoli ndi la zotsala za ayezi ndi za madzi ake osungunuka. Pamwamba pake ndi pamene pagona gawo la Moatize, la malasha, kuphatikizapo mzere wokhuthala wa Chipanga. Ndondomekoyi ikunena nkhani yonse: ayezi anachoka, m'zigwa munatsala nyanja ndi madambo, munamera nkhalango za Glossopteris, mtengo wa masamba onga lilime amene amadindika m'miyala yakuda ya pafupi ndi malasha, ndipo zomerazo zinakwiririka.

Miyala ya Vúzi sipezeka paliponse, imaoneka mwa apo ndi apo m'mphepete mwa zigwazi, pamene miyala ya Karoo yakhudzana ndi thanthwe lakale lapansi. Musanatenge ana, funsani aphunzitsi a za miyala ndi migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete kuti akulozereni malo, ndipo mukaoneko nokha kaye. Nthawi yabwino ndi Julayi mpaka Seputembala, mitsinje itaphwa ndipo udzu utachepa. M'malo a migodi simulowa popanda chilolezo, ndipo m'mbali mwa Zambezi ndi Cahora Bassa muli ng'ona. Nyamulani botolo la madzi, chifukwa mwala wonyowetsa umaonetsa mizere imene wouma umabisa.

Mukafika, funani zinthu zinayi. Miyala ikhale yosiyana kukula kwambiri, kuyambira ngati mchenga mpaka yosanyamulika, yosakanikirana ngati m'mbale ija. Ikhale yosagundana, iliyonse itazingidwa ndi matope ouma. Ina ikhale ndi mbali yosalala ngati yopalidwa, yokhala ndi timizere. Ndipo pamene pali timizere topyapyala ta matope, yang'anani mwala umodzi waukulu wokhala wokha, timizere ta pansi pake titapindikira m'munsi: umenewo unagwa kuchokera ku ayezi woyandama panyanja, pakuti madzi odekha otere sakanaunyamula.

Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Dothi logumuka paphiri nalonso limasakaniza miyala, koma miyala yake imakhala ya mtundu umodzi, ya phiri lomwelo, pamene ayezi amatola ya kutali ndi ya mitundu yambiri. Miyala ya mumtsinje wakale imakhala yobulungira ndi yogundana. Pamene thanthwe linang'aluka n'kukhulana lokha pamakhalanso mizere, koma imeneyo imalowa mkati mwa thanthwe kutsata mng'alu ndipo kawirikawiri imanyezimira. Ndipo miyala ikuluikulu yobulungira yosanjikizana imene ili m'mapiri a ku Angónia ndi ku Macanga sinabwere ndi ayezi: inafumbutukira pomwepo, madzi atalowa m'ming'alu n'kudya ngodya zake kwa zaka zambirimbiri. Mwala wa mizere mukaupeza uli pathanthwe, musaugumule. Ikani kampasi ya pafoni motsata mizereyo, lembani mbali imene ikuloza, jambulani chithunzi pali rula pambali pake, chifukwa mbaliyo ndi imene imasonyeza mzere umene ayezi ankadutsa, ndipo mwala ukachotsedwa pamalo pake sizidziwikanso.